N'chifukwa Chiyani Phiri la Dedza Limachepa pa Chithunzi cha Pafoni?

Lero tikamba za chinthu chimene ambirife tili nacho m'thumba, kamera ya pafoni, ndi kusiyana kwake ndi kamera zija amanyamula ojambula zithunzi pa ukwati.

Ndiyambe ndi funso. Munayamba mwaimapo pa Dedza boma m'mawa, chifunga chitangochoka, n'kuona phiri lija litaima chilili pamaso panu? Mtima uti, ichi n'chofunika kujambula. Mutulutsa foni, mudina. Poyang'ana chithunzicho, phiri lija lasanduka kaphiri. Lathawira kutali. Nsanja za pamwamba pake zangokhala timizere. Mutumizira achimwene ku Joni, iwo n'kuyankha kuti, "Phiri limene mumatama lija ndi lomweli?"

Tsiku lina muona phiri lomwelo pa kalendala. Ladzaza pepala lonse. Miyala ikuoneka, mitengo ya paini ikuoneka umodziumodzi. Phiri ndi lomwelo, dzuwa ndi lomwelo. Nanga chasintha n'chiyani? Yankho lalikulu lili pa lenzi.

Lenzi ndi galasi limene kuwala kumadzerapo polowa m'kamera. Kumbuyo kwake kumakhala kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kamalandira kuwalako n'kukusandutsa chithunzi. Achikulire mukukumbukira kuti kale pamalo pa sensa pankakhala filimu. Wojambula ankabwera pa njinga, kamera ili m'khosi. Mumasamba, muvala za ku tchalitchi, muima pafupi ndi maluwa. Akajambula ankadikira kuti filimu ithe, ndiye akatsukitse ku tawuni. Chithunzi chinkabwera patapita masabata, nthawi zina mutatsinzina. Kamera yosagwiritsa ntchito filimu inayamba kupangidwa mu 1975 ndi injiniya wa kampani ya Kodak, Steven Sasson. Cha m'ma 2000, ku Japan anayamba kugulitsa mafoni okhala ndi kamera. Zambiri zasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma chimodzi sichinasinthe. Chithunzi chilichonse chimayamba ndi kuwala kodutsa pa lenzi.

Tiyeni tione kusiyana koyamba. Ndi kukula.

Tembenuzani foni yanu, muyang'ane kumbuyo. Kagalasi kozungulira kamene mukukaonako n'kongotchinga. Lenzi yeniyeni ili m'kati. Si galasi limodzi ayi. Ndi timagalasi tingapo, tisanu, tisanu n'kamodzi kapena kuposa, tosanjikizana pamalo opyapyala. Ndipo mwina mudabwa: tambiri mwa ito ndi tapulasitiki. Musatinyoze. Pulasitiki amaumbika m'maonekedwe amene galasi silingalole mosavuta, ndipo makampani ngati Largan Precision a ku Taiwan amatiumba mwaluso lodabwitsa. Koma luso silichotsa kuchepa. Bowo limene kuwala kumalowera pa foni zambiri ndi la mamilimita 3 kapena 4 basi.

Tsono nyamulani lenzi ya kamera. Imalemera m'manja. M'kati mwake muli magalasi akuluakulu, onoledwa ndi kupukutidwa bwino. Lenzi wamba imene ojambula ambiri amayambira, yotchedwa 50, bowo lake likatseguka lonse limayandikira mamilimita 30. Sensa ya kameranso ndi yaikulu kangapo kuposa ya foni.

Mwina wina akuti, kodi kukula kuli ndi ntchito yanji? Taganizirani za kukinga madzi a mvula. Wina waika beseni pabwalo, wina waika kapu ya tiyi. Ikagwa mvula yamphamvu, onse apeza madzi. Koma kukakhala mawawa, wa beseni apezako osamba m'manja, wa kapu angopeza kapu yonyowa. Kuwala kuli chimodzimodzi. Masana dzuwa lili pamutu, foni ndi kamera zonse zimakhuta kuwala, ndipo zithunzi zake mukhoza kulephera kuzisiyanitsa. Vuto limayamba kuwala kukachepa.

Kumachepa liti? Inu mukudziwa. M'tchalitchi pa ukwati, mazenera ali kutali. M'nyumba magetsi akathima. Madzulo a mwezi wa June kuno ku Dedza, mitambo itatsika mpaka pa madenga. Pamenepo chithunzi cha pafoni chimatuluka ndi timadontho, nkhope zimaoneka zopakapaka, ndipo amene wasuntha pang'ono amatuluka ndi manja anayi. Foni siinawonongeke. Kuwala kumene yalandira n'kochepa.

Ndibwereze mfundo imeneyi. Lenzi yaikulu imasonkhanitsa kuwala kochuluka. Lenzi yaing'ono imasonkhanitsa kochepa. Masana simungazindikire. Madzulo mudzazindikira.

Pali kanthu kenanso. M'kati mwa lenzi ya kamera muli timasamba tachitsulo totseguka ndi kutsekeka. Wojambula amasankha yekha: atsegule kwambiri kuti mkwatibwi yekha aoneke bwino kumbuyo kuli mbuu, kapena atsekeko kuti aoneke onse mpaka a pamzere womaliza. Foni zambiri zilibe timasamba timeneti. Bowo lake ndi limodzi, losasintha. Samsung inayesapo bowo losintha pa Galaxy S9 mu 2018, ndipo alipo ena ochepa amene amatero, koma foni zimene ambirife tili nazo zilibe.

Tsopano tipite pa kusiyana kwachiwiri, kumene kukuyankhe funso la phiri lija. Ndi kufika patali.

Lenzi yaikulu ya foni inapangidwa kuti iziona malo aakulu nthawi imodzi. Opanga mafoni anadziwa zimene timajambula: banja lonse pakhonde, chipinda, mbale ya nsima, kwaya yonse. Ndiye anaika lenzi yoona motambasuka. Koma taonani zotsatira zake. Ngati chithunzi chimodzi chalowetsa msewu, magolosale, thambo ndi phiri, ndiye kuti chilichonse chalandira kamalo kakang'ono. Phiri lachepa chifukwa lagawana malo ndi zinthu zambiri.

Kamera ya wojambula ili ndi mwayi umene foni ilibe. Lenzi yake imachoka. Amaimasula n'kuikapo ina. Ilipo yoona motambasuka, ilipo ya nkhope, ilipo yaitali yokokera zakutali. Mukapita ku Dedza Stadium kukaonera Dedza Dynamos, yang'anani ojambula amene amakhala kuseri kwa golo. Malenzi awo ndi aatali, ena mpaka ofuna chochirikiza. Lenzi yotero imaona kamalo kakang'ono, koma imakadzaza pa chithunzi chonse. N'chifukwa chake thukuta la wosewera limaoneka, pamene inu pa foni mwangojambula timadontho tothamanga pa udzu.

Ndikumva wina akuti, "Koma foni yanga ili ndi zumu. Ndimakoka ndi zala ziwiri." Zoona, mumakoka. Koma pa foni zambiri, mukakoka ndi zala, lenzi siisuntha n'komwe. Foni imangodula pakati pa chithunzi chomwe chija n'kupakulitsa. Palibe chatsopano chimene yaona. Ndiye mukamakoka kwambiri, chithunzi chimanka chiphwanyika, mpaka nkhope ya munthu osazindikirika.

Mafoni odula ena ali ndi lenzi yachiwiri kapena yachitatu yokokeradi patali. Ena anachita nzeru: poti foni ndi yopyapyala, anagoneka lenziyo chopingasa m'kati, n'kuika kagalasi kokhotetsa kuwala. Huawei P30 Pro ya mu 2019 ndi imodzi mwa zimene zinatchukitsa njira imeneyi. Zimathandizadi. Komabe kawirikawiri sensa ya kumbuyo kwa lenzi yoteroyo imakhala yocheperapo kuposa ya lenzi yaikulu ya foniyo. Masana ikuthandizani. Dzuwa likapendeka, mavuto aja abwerera.

Nanga amene tili ndi foni wamba titani kuti phiri lioneke? Mvetserani, apa pali kanzeru kaulere. Ambirife timaimika munthu pafupi, mapazi atatu kuchokera pa foni, phiri lili kumbuyo. Poti munthuyo ali pafupi kwambiri, amakula, phiri n'kuchepa. Yesani izi. Muimikeni pamalo omwewo, inuyo mubwerere m'mbuyo ndithu, mapazi makumi awiri kapena kuposa. Ndiye kokani pang'ono, kawiri basi, osapitirira. Mudzaona phiri litakula kumbuyo kwake. Chasintha ndi mtunda wa pakati pa inu ndi munthuyo. Wojambula wa kalendala amachita zomwezo, kungoti lenzi yake yaitali imamulola kuima kutali chithunzi osaphwanyika.

Nkhani ya mtundayi ikufotokozanso zinthu zina zimene zimatiseketsa. Bwanji mukadzijambula nokha mphuno imakula, makutu n'kuchepa? Mphuno ili pafupi ndi lenzi kuposa makutu. Tambasulani mkono wonse, kapena mupatse mnzanu akujambuleni ataima patali. Bwanji pa chithunzi cha gulu azakhali amene anaima kumapeto amaoneka onenepa kuposa mmene alili? Lenzi yoona motambasuka imakoka zinthu za m'mphepete. Ngati simukufuna milandu pa chinkhoswe, bwererani m'mbuyo, musiye malo mbali zonse ziwiri.

Inunso amalonda, izi zikukukhudzani. Dedza amadziwika ndi zoumbaumba. Kaya mukugulitsa miphika, makapu kapena mitsuko, mukaiyandikira kwambiri ndi foni, mbali yoyang'ana kwa inu imatupa, kukamwa n'kupotoka. Wogula wa ku Lilongwe aona ngati mphikawo ndi wokhota. Imani patali pang'ono, foni ikhale pa msinkhu wa mphikawo, ndipo jambulani pamthunzi wowala.

Tafika pa kusiyana kwachitatu, ndipo kwa ine ndiko kwakukulu. Funso lake ndi ili: amamaliza chithunzi ndani?

Opanga mafoni amadziwa kuti lenzi yawo ndi yaing'ono. Ndiye chimene galasi lalephera, amachisiyira kompyuta ya m'foni. Inu mumadina kamodzi. Foni yamakono imajambula kangapo mofulumira, n'kuphatikiza zithunzizo kukhala chimodzi. Imachotsa timadontho, imawonjezera mtundu, imanola m'mphepete mwa zinthu. Zonsezi zimachitika musanaphethire. Chimene mukuona pa sikirini si chimene lenzi yaona chokha ayi. Ndi chimene lenzi yaona, kuphatikiza chimene foni yaganiza kuti mufuna kuona.

Nthawi zina kuganizako n'kothandiza kwambiri. Kujambula kwa usiku, kumene kampani ya Google inatchukitsa mu 2018 ndipo pano kuli pa mafoni ambiri, kumatulutsa chithunzi pamalo amene maso anu akuvutika kuona. Koma kumafuna kuti mugwire foni osagwedera kwa timphindi, ndipo chojambulidwacho chikhale phee. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamirani pa khoma, gwirani ndi manja awiri, dikirani foni imalize.

Koma nanga chinthu chosadekha? Tatengani gule wamkulu. Kapoli akalowa m'bwalo, fumbi kobo, miyendo osaoneka. Nthawi yake kawirikawiri ndi madzulo. Inu muli kumbuyo kwa anthu, ndipo mwambo sulola kuti muzingoyandikira. Apa zovuta zonse zakumana: kuwala kochepa, mtunda, ndi liwiro. Foni singaphatikize zithunzi za chinthu chimene chasuntha kale. Pamafunika lenzi yaikulu, yotha kumeza kuwala kokwanira m'kanthawi kochepa kwambiri. Ndipo ndinene pano, popeza tili kwa eni ake a gule: kaya muli ndi foni kaya kamera, pemphani kaye kwa amfumu ndi akuluakulu a dambwe musanajambule. Lenzi yaitali si chilolezo choba chithunzi.

Chitsanzo china cha kuganiza kwa foni ndi chija cholembedwa kuti Portrait, chimene chimachititsa mbuu kumbuyo kwa munthu. Chinatchuka ndi iPhone 7 Plus mu 2016. Pa kamera yaikulu, mbuu ameneyo amachokera m'galasi momwe. Chapafupi ndi munthu chimazimirira pang'ono, chakutali chimazimirira kwambiri, pang'onopang'ono. Pa foni, kompyuta ndiyo imayerekeza pamene munthu wathera, n'kupaka mbuu kwina konse. Ndiye yang'anitsitsani chithunzi cha mkwatibwi. Onani chophimba kumutu chija choonekera m'kati. Onani nsonga za tsitsi, ndolo, ndi kampata ka pakati pa mkono ndi chiuno. M'malo amenewo foni imasokonezeka. Pa sikirini yaing'ono simuona. Mukakulitsa chithunzicho kuti mupachike pabalaza, mudzaona.

Kuganizira kwa foni kunafika poyambitsa mkangano. Mu 2023 anthu ena anasonyeza kuti mafoni ena a Samsung, akajambula chithunzi cha mwezi chosaoneka bwino chimene chinali pa sikirini ya kompyuta, ankatulutsa mwezi wooneka bwino kuposa chimene chinali pamaso pa lenzi. Kampaniyo inafotokoza kuti foni imazindikira kuti uwu ndi mwezi, n'kuthandizira kuti uoneke bwino. Ena anati palibe vuto, mwezi ndi womwewo. Ena anafunsa kuti, ndiye chimenechi ndi chithunzi kapena chojambula pamanja cha kompyuta?

Nkhaniyi ikukhudzanso khungu lathu. Kale, pa nthawi ya filimu, Kodak inkapatsa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lokhala ndi mayi wachizungu. Anthu akuda ankatuluka pa zithunzi zambiri nkhope zosaoneka bwino, mano ndi maso zokha. Kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, imene imapanga Tecno, itel ndi Infinix, inaona mpata pamenepa. Inakonza kamera za mafoni ake kuti zizitulutsa bwino khungu lakuda, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zimene zinaithandiza kugulitsa kwambiri muno mu Africa. Apa kompyuta yatichitira zabwino. Koma pali kabatani kena, kosalalitsa nkhope, kamene ine sindigwirizana nako. Mujambula agogo, makwinya onse achoka, khungu layera. Adzukulu akadzaona chithunzicho zaka zikubwerazi, adzaona munthu amene sanakhaleko. Pojambula akuluakulu, kazimitseni kabatani kameneko.

Tiyeni tikwere ku Chongoni, chifukwa kumeneko nkhaniyi ikumveka bwino. M'mapiri amenewa muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zojambula zofiira amati anajambula ndi Akafula. Zoyera anajambula ndi Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau. Amene munafikako ku Mphunzi, ku Chencherere kapena ku Namzeze mukudziwa kuti zina mwa zofiirazo n'zozimirira, zofuna kuyang'anitsitsa.

Kodi foni ingajambule kumeneko? Ingajambule bwino ndithu. Mwala suthawa, ndipo mukhoza kuima pafupi. Ngati cholinga n'kusonyeza ana kunyumba, foni yakwana. Koma tiyerekeze kuti ndinu wofufuza, mukufuna kudziwa ngati chojambulacho chikufufutika. Mujambula chaka chino, mudzajambulenso patapita zaka khumi, n'kufananitsa. Pamenepo foni yoganiza yokha ndi yoopsa. Kadontho kofiira kozimirira ikhoza kukayesa litsiro la chithunzi n'kukasalaza. Mtundu ikhoza kuuwonjezera kuti ukome. Wofufuza amafuna lenzi yosapotoza, kamera yoima pa miyendo itatu, ndi chithunzi chosakometsedwa. Chithunzi chokongola ndi chithunzi cha umboni si chimodzi. Ndipo chonde, musakhudze zojambulazo, musazithire madzi pofuna kuti ziwale pa chithunzi. Zimawonongeka.

Tsono musaganize kuti ndabwera kudzanyoza foni. Tiyeni tinene pamene foni imapambana.

Choyamba, ili m'thumba. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana akayamba kuyenda, kamera yaikulu ili m'chikwama kwa wojambula ku boma, foni ili m'manja mwa mayi ake.

Chachiwiri, kuchepa kwa lenzi kuli ndi ubwino wake. Pa foni, zinthu zapafupi ndi zakutali zimaoneka bwino nthawi imodzi. Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Bembeke akaona masamba akuda ngati apsa, akhoza kujambula tsamba, ajambulenso mzere wonse, n'kutumizira alangizi a zaulimi nthawi yomweyo kuti aone ngati ndi chiwawu. Wa tomato ndi kabichi chimodzimodzi. Kamera yaikulu pantchito imeneyi ingangomuchedwetsa. Langizo langa ndi limodzi: musagunditse foni pa tsamba. Lenzi iliyonse ili ndi malire a kuyandikira. Mukapitirira, chithunzi chimachita mbuu. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi, dinani pa sikirini pamene pali banga, ndipo jambulaninso kunsi kwa tsambalo.

Chachitatu, lenzi ya foni ndi yotsekeredwa. Ya kamera ili ndi adani. M'chilimwe, wojambula akamasula lenzi pa msewu wafumbi, fumbi limalowa n'kukhala pa sensa, ndipo zithunzi zonse zimatuluka ndi kadontho pamalo amodzimodzi. M'dzinja, lenzi ikasungidwa m'kabati yachinyezi, m'kati mwa magalasi mumamera nkhungu. Kuno kozizira kulinso vuto lina: mukachokera panja pozizira n'kulowa m'holo yofunda yodzaza anthu, galasi limachita nthunzi, ndipo muyenera kudikira liume. Za mtengo ndiye musanene. Lenzi yabwino imodzi ikhoza kudula kuposa kamera yeniyeniyo. Walira mvula walira matope.

Tsopano tikambe za pogula foni, chifukwa apa ndi pamene ambiri timapusitsidwa. Mufika pa shopu, wogulitsa atembenuza foni: "Onani bwana, makamera anayi!" Dekhani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa mafoni ambiri otsika mtengo, kamera yogwira ntchito yeniyeni ndi imodzi. Timaso tinato n'tongothandizira, tofooka kwambiri, ndipo pa mafoni ena n'tongokongoletsa. Mukhoza kuyesa nokha. Tsegulani kamera, tsekani kadiso kamodzikamodzi ndi chala, muone kamene kakudetsa sikirini. Sinthani zumu, muyesenso. Ngati nthawi zonse kakudetsa ndi komweko, mwadziwa chimene mukugula.

Wogulitsa akuuzaninso za ma megapixel. Akuti 48, akuti 50, ena mpaka 108. Nambalayo ikungonena kuchuluka kwa timadontho ta pa sensa. Siikunena kukula kwa sensayo, siikunena ubwino wa lenzi. Ndipotu mafoni ambiri otere amaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi kuti kuwala kukwane, moti ya 48 ija imakupatsani chithunzi cha 12. Kamera yakale ya nambala yochepa, yokhala ndi lenzi yabwino, imaiposa foni yotero m'tchalitchi. Ndiye musayese foni pakhomo pa shopu pamene pali dzuwa. Lowani nayo pakona pamdima, mujambule nkhope ya munthu, mukulitse, muone maso ndi tsitsi.

Kwa amene muli nayo kale foni, pali chinthu chimodzi chotchipa kuposa zonse. Pukutani kagalasi kaja. Foni timaigwira titangodya tchipisi pa chiwaya, timaiika m'thumba limodzi ndi makiyi. Mafuta a zala akapaka pa lenzi, chithunzi chimachita utsi, ndipo usiku nyali iliyonse imatuluka ndi michira. Kansalu kofewa koyera n'kokwanira. Komanso dziwani kuti WhatsApp imachepetsa zithunzi potumiza. Ngati chithunzi mukufuna kukatsukitsa, tumizani ngati Document, kapena mupite nacho ku situdiyo pa foni imene inajambula.

Ndisanatseke, mawu awiri kwa amene mukukonzekera ukwati. Masiku ano mumva akomiti akuti, "Wojambula n'ngwachiyani? Aliyense ali ndi foni." Ganizani bwino. M'tchalitchi kuwala n'kochepa. Mphete imavalidwa kamodzi, ndipo simungakaime paguwa. Pa perekaniperekani anthu amavina, sadikira. Malo atatu aja amene foni imafooka, mdima, mtunda ndi liwiro, onse alipo pa tsiku limodzi. Ngati ndalama ilipo, itanani wojambula, ndipo musangofunsa kuti kamera yake ndi Canon kapena Nikon. Muuzeni akuonetseni zithunzi zimene anajambula m'kati mwa tchalitchi, osati za panja pa kapinga. Inunso alendo, akwati akamalowa musadzaze kanjira ndi mafoni m'mwamba. Lenzi yaitali siiona kupyola msana wanu.

Kwa achinyamata amene mukufuna kuyamba ntchito yojambula, musathere ndalama zonse pa kamera. Gulani yogwiritsidwapo kale ntchito, yotsalayo muike pa lenzi. Kamera zimakalamba msanga, lenzi yabwino imatha zaka zambiri. Ija yotchedwa 50 siidula kwambiri poyerekeza ndi zinzake, ndipo imagwira bwino pamalo amdima. Musanalipire, imasuleni, muwalitse tochi m'kati, muyang'ane kuchokera mbali inayo. Kafumbi pang'ono si vuto. Mukaona timizere toyera toyanga m'galasi, imeneyo ndi nkhungu, isiyeni. Zunguzaninso mphete zake, mumve ngati zikuyenda bwino popanda kugwiragwira.